Kulira kwambiri si kumveka bwino

Tsiku la msika pa Zalewa, pa Ligowe kapena pa boma pa Neno, chimene chimayamba kukulandirani ndi phokoso. Wogulitsa kaunjika ali ndi sipika yake, wometa ali ndi yake, mnyamata wolowetsa nyimbo m'mamemori khadi wayika sabuwufa pakhomo, ndipo chapafupi pomwepo a vidiyo sho akuitanira filimu ya masana. Onsewa akulimbirana chinthu chimodzi: amveke patali ndani. Mtima womwewu walowa m'nyumba zathu, m'mahositelo, ngakhalenso m'matchalitchi. Tikamagula chipangizo cha nyimbo timangofunsa kuti chimalira kufika pati.

Padziko pano pali anthu ena amene amafunsa funso losiyana ndi limeneli. Pachingerezi amawatcha ma audiophile, kutanthauza anthu okonda kumva mawu abwino. Iwowa amasunga ndalama zaka zingapo kuti agule ampulifaya imodzi, amatha tsiku lonse akusuntha masipika m'chipinda, ndipo akayika nyimbo amakhala pansi n'kumvetsera osachita china chilichonse. Ambirife sitingakwanitse kugula zimene iwo amagula, ndipo sikofunika kutero. Koma zimene amadziwa zingapulumutse ndalama za chopereka, zingathandize agogo kumva ulaliki, komanso zingateteze makutu athu achinyamatafe.

Hi-fi ndi kukhulupirika

Mawu oti hi-fi ndi chidule cha high fidelity, ndipo tanthauzo lake ndi kukhulupirika kwakukulu. Chipangizo cha hi-fi chili ngati mboni yoona pabwalo la milandu: chimanena zimene zidachitika, osawonjezera, osachotsera. Ngati kwaya idaimba mwakachetechete, chimatulutsa mwakachetechete. Ngati wa besi adali kumanja, mumamumva kumanjako. Wokonda hi-fi weniweni akatsinzina amafuna aloze pamene paima wa sopulano, amve oimba akukoka mpweya asanayambe mzere wina, ndipo aiwale kuti patsogolo pake pali mabokosi.

Kufunafuna kukhulupirika kumeneku kudayamba kale. Thomas Edison adapanga makina oyamba otha kujambula mawu ndi kuwabweza mu 1877, koma mawu ake adali okhadzula. Mu 1931 Alan Blumlein wa ku Britain adalembetsa luso la stereo, lojambula mawu m'njira ziwiri, yakumanzere ndi yakumanja, monga makutu athu amamvera. Mbale zazikulu za LP zidatuluka mu 1948, kampani ya Sony idatulutsa Walkman mu 1979, ndipo CD, imene Sony idapanga pamodzi ndi Philips, idafika pamsika mu 1982.

Nafenso tili ndi gawo m'mbiri imeneyi. Hugh Tracey adayenda m'midzi ya Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, akujambula nyimbo za bangwe, kalimba, ng'oma ndi za pamtondo. Chifukwa choti adasamala kaimikidwe ka maikolofoni, nyimbozo zikumvekabe bwino lero, ndipo zimasungidwa ku International Library of African Music, pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Makolo athu amakumbukanso nthawi ya makaseti, pamene oimba ambiri ankajambulira ku situdiyo ya IY ya Paul Banda ku Balaka, makaseti n'kumagulidwa kwa O.G. Issa ku Limbe. Aliyense wa nthawi imeneyo ankadziwa kusiyana kwa kaseti yeniyeni ndi yojambula kuchokera ku inzake kachitatu.

Ife a Adventist khutu lotere tili nalo kale. Mishoni ya Matandani kuno ku Neno idayamba mu 1908, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankaimba popanda maikolofoni ngakhale imodzi. Mwana wokulira pa Khristu mu Nyimbo amaphunzira kusiyanitsa sopulano, aluto, tena ndi besi asanadziwe n'komwe mayina ake. Makwateti athu adatengera zambiri kwa a King's Heralds, amene ankaimba pa pologalamu ya Voice of Prophecy, ndipo gulu la Take 6, lodziwika dziko lonse poimba ndi mawu okha, lidayambira pa koleji ya mpingo ya Oakwood ku America mu 1980. Kuimba kotere kumafuna kuti liwu lililonse limveke palokha, kenaka onse alumikizane. Chodabwitsa n'chakuti anthu omwewo amene amakwinya nkhope tena akaphonya pang'ono, amalolera sipika yosasa mawu Sabata lililonse.

Mawu ndi mpweya wonjenjemera

Mukamenya ng'oma chikopa chimanjenjemera, chimakankha mpweya, ndipo mafunde ake amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi mpaka kufika m'khutu. Zinthu ziwiri ndizo zimasiyanitsa mawu.

Choyamba ndi kuchuluka kwa kunjenjemera pa sekondi, kumene kumayezedwa mu hertz. Khutu la wachinyamata wathanzi limamva kuyambira pa 20 mpaka pafupifupi 20,000 hertz. Wa besi akatsika kwambiri amafika cha m'ma 80, pamene sopulano wokwera amapitirira 1,000. Koma tizidutswa ta mawu timene timasiyanitsa liwu ndi linzake, monga s, f, ts ndi ph, timakhala pamwamba, makamaka kuyambira pa 2,000 kupita m'tsogolo. Timeneti tikakwiririka, kusala ndi kutsala zimamveka chimodzimodzi, kufika ndi kuphika osasiyananso. N'chifukwa chake munthu amatha kumva kuti abusa akulankhula mokweza ndithu, koma osatolapo kanthu.

Chachiwiri ndi mphamvu ya mawuwo, imene imayezedwa m'madesibelo. Kunong'ona kuli cha pa 30, kucheza wamba cha pa 60, ndipo njinga yamoto yodutsa pafupi imafika cha m'ma 90. Muyeso umenewu suyenda monga wa mamita. Kuwonjezera madesibelo 3 okha ndiye kuti mphamvu yawirikiza kawiri, ndipo kuwonjezera 10 ndiye kuti yawirikiza kakhumi, ngakhale khutu limangoona ngati mawu akwera kawiri. Mfundo imeneyi muisunge, tikumana nayonso.

Ulendo wa nyimbo kufika m'khutu

Nyimbo imadutsa malo anayi isanafike kwa womvera: kumene yasungidwa, ampulifaya, sipika, ndi chipinda. Ili ngati madzi a pampope: akadetsedwa pachitsime, chidebe chatsopano sichingawayeretse.

Nyimbo zambiri za m'mafoni mwathu ndi za MP3, luso limene akatswiri a bungwe la Fraunhofer ku Germany adatsogolera kupanga, n'kukhazikitsidwa kumayambiriro a zaka za m'ma 1990. MP3 imachepetsa fayilo potaya mbali za mawu zimene khutu silizindikira msanga. Nyimbo ya mphindi zinayi pa CD imadya malo oposa 40 MB. Ikasandutsidwa MP3 ya 320 kbps imatsala pafupifupi 10 MB, ndipo ya 128 kbps imatsala 4 MB. Ya 320 anthu ambiri sangaisiyanitse ndi CD. Vuto limabwera nyimbo ikafinyidwa kangapo: wina waichotsa pa vidiyo ya pa YouTube, wina waijambulanso ndi foni kuchokera pa sipika, wina waichepetsanso kuti zikwane zambiri m'memori. Zimene zatayika sizibwereranso. Makwaya athu amadzimana kuti alipire situdiyo, choncho kugula nyimbo kwa eni ake kumatipatsa mawu oyera komanso ndi chilungamo. Bungwe la COSOMA lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti liteteze thukuta la anthu ngati amenewa.

Ampulifaya ntchito yake ndi kukulitsa mphamvu yaing'ono yochokera m'foni kapena maikolofoni kuti ithe kukankha sipika. Ili ndi malire ake. Mukaikakamiza kupitirira pamenepo imadula nsonga za mafunde, ndipo mawu amatuluka ophwanyika, olasa m'makutu. Kanyali kofiira ka pa mikisa kapena pa ampulifaya kamayaka pochenjeza za zimenezi. Mawu ophwanyikawo amatenthetsa kasipika kakang'ono kotulutsa mawu apamwamba, kotchedwa tweeter, mpaka kupsa. Masipika ambiri amene amangoti gu gu gu osamveka mawu, tweeter yake idapsa kalekale. Akuluakulu adati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Magetsi nawonso ali ndi gawo. Ngakhale malo opangira magetsi a Nkula, amene adayamba kugwira ntchito mu 1966, ali pamtsinje wa Shire pakhomo pathu pomwepa, midzi yambiri ya kwa Dambe, kwa Chekucheku, kwa Mlauli ndi kwa Symon imadalira sola, batire ndi jenereta. Batire ikayamba kufooka, ampulifaya imafika msanga pamalire ake, ndipo wosadziwa amakwezanso, n'kuonjezera vuto. Ma invata otsika mtengo satulutsa magetsi osalala ngati a ESCOM, ndipo nthawi zambiri amabweretsa kulira kwa ngati njuchi m'masipika. Mawaya olumikiza pamanja, okulunga ndi pepala la shuga, amachitanso chimodzimodzi. Musanaganize zogula sipika ina, yambani mwaona batire ndi mawaya.

Mawatsi a pa katoni

M'masitolo a ku Limbe ndi ku Blantyre mupeza makatoni olembedwa 2,000 W kapena 5,000 W ndi zilembo zikuluzikulu, pambali pake pali PMPO. Nambala imeneyo ndi yokopera ogula, ndipo palibe muyeso umodzi umene makampani onse amatsata poiwerengera. Nambala yothandiza ndi ya RMS, imene imanena mphamvu yomwe chipangizo chingatulutse mosalekeza. Njira yachidule ndi kutembenuza chipangizocho n'kuwerenga kachikwangwani kakumbuyo, konena magetsi amene chimadya. Chipangizo chodya mawatsi 40 sichingatulutse mawatsi 2,000 mosalekeza, monga momwe thumba limodzi la chimanga silingatulutse matumba makumi asanu a ufa. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Kumbukiraninso za madesibelo zija. Kuchoka pa ampulifaya ya mawatsi 100 kupita pa ya 200 kumangowonjezera madesibelo 3, kusiyana kochepa ndithu. Kuti mawu amveke okwera kawiri pamafunika mawatsi pafupifupi 1,000. Choncho komiti ya mpingo imene ikuganiza kuti kugula chachikulu kuthetsa madandaulo a anthu a kumbuyo, ikhoza kuwononga ndalama zambiri n'kupeza kuti vuto lidakalipo.

Chipinda nachonso ndi chipangizo

Apa ndi pamene okonda hi-fi amatiposa kwambiri. Iwo amadziwa kuti zambiri zimene timamva m'nyumba sizichokera mwachindunji m'sipika, koma zimayamba zagunda pakhoma, pansi ndi kudenga. Wallace Sabine, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Harvard, adafufuza zimenezi m'zaka za m'ma 1890 atapatsidwa holo imene ophunzira sankamva zolankhulidwa. Ankanyamula makushoni a mipando usiku, kuwalowetsa m'holomo ndi kuyeza nthawi imene mawu amatenga kuti azilale. Adapeza kuti nthawiyo imadalira kukula kwa chipinda ndi kuchuluka kwa zinthu zofewa zomeza mawu.

Tsopano taganizirani tchalitchi chathu cha masiku ano: njerwa zopaka pulasitala, pansi pa simenti kapena matailosi, malata opanda siling'i, mawindo agalasi. Zonsezi zimabweza mawu. Kwaya ikamaimba pang'onopang'ono kubwereza kumeneku kumakometsa, koma mlaliki akamalankhula liwu loyamba limakumana ndi lachiwiri lisanazilale. Mukakweza sipika, mwakwezanso kubwerezako. Matchalitchi audzu a makolo athu, ngakhale adali osaoneka bwino, ankameza mawu, ndipo munthu ankamveka popanda chimkuzamawu. Ndi chifukwa chomwechi tchalitchi chimamveka bwino chikadzaza, pakuti matupi ndi zovala zimameza mawu. Woyang'anira zipangizo amene wakonza zonse Lachisanu m'tchalitchi chopanda anthu ayenera kukonzanso nthawi ya ulaliki.

Pali zinthu zotsika mtengo zimene mpingo uliwonse ungachite. Makatani ochindikala, kapena mikeka yopachikidwa pakhoma lakumbuyo motalikirana pang'ono ndi khomalo, zimachepetsa kubwereza. Siling'i imathandizanso, makamaka mvula ikamagwa pamalata. Masipika akwezedwe kupitirira mitu ya anthu, aweramitsidwe kuloza kumene anthu akhala, osati kukhoma kapena kudenga. Akhale kutsogolo kwa maikolofoni, chifukwa kulira kwa tswii kumene kumatidzidzimutsa pakati pa pemphero kumachitika maikolofoni ikamva sipika, sipika n'kubwezanso, mozungulira. Wogwira maikolofoni asafumbate mutu wake, ndipo aiyandikize kukamwa m'malo moti wa pamikisa akweze. Pa ulaliki besi achepetsedwe, chifukwa ndi amene amakwirira tizidutswa tosiyanitsa mawu tija.

Panja, monga pa msonkhano wa misasa, mawu amatsika madesibelo 6 nthawi iliyonse mtunda ukawirikiza kawiri. Munthu wokhala mamita 2 kuchokera pa sipika amalandira madesibelo 18 kuposa wokhala mamita 16. Tikakweza sipika imodzi kuti wa kumapeto amve, amene ali patsogolo akulandira mphamvu yowirikiza koposa ka 60. Nanga patsogolo amakhala ndani? Ana, pamphasa, ndi agogo amene asendera kuti amve bwino. Masipika angapo aang'ono, oyalidwa motalikirana ndi otsitsidwa, amaposa chimphona chimodzi cha kutsogolo. Ndipo wa pamikisa azinyamuka, apite kumbuyo ndi m'mbali, akamve zimene mpingo ukumva.

Mtumwi Paulo, pa 1 Akorinto 14, amapereka chitsanzo cha chitoliro, zeze ndi lipenga pofuna kusonyeza kuti mawu osasiyanitsika sathandiza womvera. Ellen White nayenso adalangiza kuti pa kuimba chofunika si kukuwa, koma mawu oyera ndi katchulidwe komveka. Ntchito ya pamikisa ndi utumiki, ndipo mpingo umene umaphunzitsa madikoni ndi aphunzitsi a Sukulu ya Sabata uyeneranso kuphunzitsa achinyamata ogwira zipangizo.

Mahedifoni: mwayi ndi msampha

Nathaniel Baldwin wa ku Utah adapanga mahedifoni pamanja kunyumba kwake cha m'ma 1910, n'kuwagulitsa kwa asilikali a pamadzi a dziko la America. Mu 1958 kampani ya Koss idatulutsa mahedifoni a stereo omvera nyimbo. Lero okonda hi-fi ambiri amayambira pomwepa, chifukwa mahedifoni amachotsa vuto lonse la chipinda. Kwa wophunzira wa m'hositelo, maiyafoni abwino ndi nyimbo yosafinyidwa kwambiri ndiyo njira yotsika mtengo kwambiri yomvera mawu okhulupirika, osasokoneza mnzake amene akuwerenga.

Msampha wake ndi wakuti sipika ili m'khutu mwenimweni. M'kati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, ndipo m'menemo muli maselo pafupifupi 16,000 okhala ndi titsitsi. Maselowa ndiwo amasandutsa kunjenjemera kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu limawatopetsa, ndipo likapitirira amafa. Akafa sameranso. Oyamba kuwonongeka ndi omva mawu apamwamba, cha pa 4,000 hertz, m'dera lomwe lija la s ndi f. Munthu sazindikira msanga chifukwa palibe ululu kapena magazi. Amangoyamba kunena kuti anthu akulankhulira m'mano, ndipo pagulu amavutika kutsatira nkhani. Tonse timawadziwa akuluakulu amene adagwira ntchito pachigayo zaka zambiri, mmene amalankhulira mokweza ndi kupempha kuti mubwereze.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati achinyamata oposa 1 biliyoni ali pachiopsezo chowononga makutu chifukwa cha kamvedwe ka nyimbo kosasamala. Malangizo ake ndi akuti munthu wamkulu angamve madesibelo 80 kwa maola 40 pa mlungu. Pa madesibelo 90 nthawi imatsika kufika maola 4 pa mlungu, ndipo pa 100 imatsala mphindi pafupifupi 20. Mafoni ambiri akakwezedwa mpaka kumapeto amatha kufika kapena kupitirira pa 100. Ndiye kuti wophunzira amene wakweza foni mpaka pamapeto kuchokera pa Zalewa kukafika ku Blantyre wadya kale gawo la milungu ingapo paulendo umodzi.

Nthawi zambiri timakweza chifukwa cha phokoso lotizungulira, la minibasi, la njinga yamoto kapena la anzathu. Maiyafoni okhala ndi timphira totseka bwino khutu, kapena mahedifoni ophimba khutu lonse, amatsekereza phokosolo, ndipo munthu amakhutira ndi mawu otsika. Voliyumu isapitirire magawo 60 pa 100 alionse, ndipo makutu azipumitsidwa. Ngati mnzanu wokhala pambali akumva nyimbo yanu, kapena simukumumva akamalankhula ali pamtunda wa mkono umodzi, mwakweza kwambiri. Kulira kwa nzii m'makutu mukachotsa mahedifoni kapena mukachoka ku ukwati ndi chizindikiro choti maselo aja avulala. Kulirako kukapitirira masiku angapo, pitani kuchipatala. Ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre ndi ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe kuli akatswiri oyeza makutu. Ndipo poyenda pamsewu, makamaka wa M1 kapena wopita ku Mwanza, makutu azikhala otsegula.

Timaphunzitsa kuti thupi ndi kachisi, ndipo timasamala za fodya, mowa ndi zakudya. Khutu ndi mbali ya kachisi yemweyo. Kudziletsa kumene timalumbira ku Pathfinder kumafikanso pa batani la voliyumu.

Home theater pabalaza

Banja likapeza kangachepe, mwina pogulitsa mbatata ya kachewere kapena manachesi, kapena mwana akatumiza ndalama kuchokera ku Joni, chimodzi mwa zinthu zoyamba kugula ndi home theater. Dzinali lidachokera ku maganizo obweretsa mawu a kukanema m'nyumba. Yeniyeni imatchedwa 5.1: masipika awiri kutsogolo kumanzere ndi kumanja, imodzi pakati, awiri m'mbali chakumbuyo kwa owonera, ndi sabuwufa imodzi ya mawu apansi. Zambiri zimene timagula ndi dzina limeneli ndi sabuwufa yokhala ndi timasipika tiwiri, ndipo ngakhale zokhala ndi asanu nthawi zina zimangogawa mawu omwewo kwa onse.

Kulakwitsa kofala ndi kusanjika masipika onse pakabati imodzi, pakati pa matambula ndi maluwa apulasitiki. Pamenepo stereo yatha. Masipika awiri akutsogolo atalikirane, akhale pamsinkhu wa makutu a munthu wokhala pampando, ndipo mtunda wa pakati pawo ufanane ndi mtunda wochokera pa sipika iliyonse kufika kwa womvera. Yapakati, imene imanyamula zolankhula za m'filimu, ikhale pafupi ndi TV. Sabuwufa ikakankhidwira pakona besi amachuluka n'kuyamba kugunda, choncho isunthidwe mpaka besi amveke ngati chida choimbira osati ngati mabingu. Kuyesa kwabwino ndi kuika nyimbo ya kwateti imene mumaidziwa bwino. Ngati mukutha kutsatira aluto kuyambira poyamba mpaka pomaliza, zinthu zili m'malo.

Munthu akakonza chotere amapeza chinthu chosayembekezera: safunanso kukweza. Mawu oyera amakhutiritsa ali otsika, pamene mawu ophwanyika amapangitsa dzanja kupita pa voliyumu kufunafuna chimene chikusowa. Apa oyandikana nawo apuma, mwana wolemba mayeso awerenga, ndipo wodwala agona. Mawu apansi amaboola makoma mosavuta kuposa apamwamba, kotero mnansi samva nyimbo yanu, amangomva kugunda. Ngakhale ikhale nyimbo yauzimu, kugunda kwa pakati pa usiku sikulalikira munthu.

Okonda hi-fi nawonso ali ndi matenda awo. Ena amagula waya umodzi pamtengo wokwana kumangira nyumba, chonsecho akayesedwa osaona chimene chalumikizidwa amalephera kusiyanitsa ndi waya wamba wabwino. Ena amafika pomvetsera zipangizo m'malo momvetsera nyimbo. Mkhristu, amene ndi mdindo wa chuma cha Mwini wake, sangatsatire zimenezo. Choti titengeko ndi chidwi chawo ndi kuleza mtima kwawo pomvetsera.

Mawu kwa aphunzitsi a mawa

Ife amene tikukonzekera kukaima kutsogolo kwa kalasi nkhaniyi ikutikhudza kawiri. Kalasi ndi chipinda monga tchalitchi, ndipo malamulo a Sabine amagwiranso ntchito mmenemo. WHO imalimbikitsa kuti phokoso la m'kalasi nthawi yophunzira lisapitirire madesibelo 35, koma sukulu zambiri zoyandikana ndi msika, chigayo kapena vidiyo sho zili kutali ndi muyeso umenewo. Mwana amene akuphunzira kuwerenga amadalira kumva kusiyana kwa pa ndi pha, ta ndi tha. Wamkulu akaphonya liwu amalidzaza ndi nzeru, koma mwana wa Sitandade 1 alibe podzazira. Mwana wina amene timamutcha wamwano kapena wogona m'mutu angakhale kuti sakumva bwino. Kumukhazika kutsogolo, kulankhula mutamuyang'ana osati mutayang'ana bolodi, ndi kulangiza makolo kuti akamuyezetse, zingasinthe moyo wake wonse wa sukulu.

Tingathenso kuphunzitsa kumvetsera. Pa 3 Malichi chaka chilichonse dziko limakumbukira tsiku la kumva, ndipo gulu la achinyamata pampingo kapena kalabu ya sayansi pasukulu ingagwiritse ntchito tsikuli kuyeza phokoso ndi ma app aulere a pafoni. Sali olondola ngati zipangizo za akatswiri, koma amasonyeza bwino kusiyana kwa benchi yoyamba ndi yomaliza. Manambala amenewo akaperekedwa mwaulemu kwa akulu a mpingo, amalankhula bwino kuposa madandaulo.

Sabata likubwerali, nyimbo yotsegulira ikayamba, tcherani khutu. Kodi mukumva mawu onse anayi? Kodi agogo a pabenchi lakumbuyo akutsegula vesi limene latchulidwa, kapena akufunsa mnzawo? Kodi ana a kutsogolo atseka makutu? Ngati pali chokonza, yambani ndi kutsitsa, kusuntha sipika ndi kupachika mkeka, ndipo kugula kubwere pamapeto.